Nyanja Imodzi, Mapepala Awiri

Nyanja ya Chiuta siikhala malo amodzi. Chaka cha mvula yambiri imakwera n'kumeza madambo ndi minda ya mpunga, ndipo chaka cha chilala imabwerera m'mbuyo n'kusiya thope long'aluka limene ng'ombe ndi njinga zimadutsapo. Kuya kwake ndi mamita atatu kapena anayi okha, choncho madzi akangotsika pang'ono, gombe limasuntha mtunda wautali. Kumwera kwake kuli chitunda cha mchenga chimene chimailekanitsa ndi Chilwa, ndipo pamwamba pa chitundacho m'pamene padutsa njanji ya ku Nacala, pakati pa Nayuchi ndi Entre Lagos. Kumpoto madzi ake amalowa m'nyanja ya Amaramba, kuchoka apo amatsika ndi mtsinje wa Lugenda mpaka kukathira mu Ruvuma. Tsidya la kum'mawa ndiko kuli Chiuta ya ku Mozambique, limodzi mwa madera awiri a boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa. Dera linalo ndi Insaca, kumene kuli likulu la bomalo.

Kumeneko ndiye kwawo kwa mayi anga. Ine ndinakulira tsidya lino, kwa Ngokwe m'boma la Machinga, koma maliro, maukwati ndi zinamwali zinkatiwolotsa nyanja chaka ndi chaka, ndipo palibe ankati tapita kunja. Ntchito imene ndimadyera lero ndi yokonza mapu ndi mndandanda wa midzi pothandiza mabungwe ogawa thandizo pa nthawi ya ngozi. Ntchitoyi ndiyo inandichititsa kufukula mapu akale a kwathu, kuti ndione amene anawajambula ndi chimene ankafuna. Chimene ndinapeza n'chakuti kwa zaka zoposa zana, aliyense wojambula Chiuta ankabwera ndi funso lake lochokera kutali, akalipezera yankho n'kupinda pepala n'kumapita. Eni dera ankanyamula katundu, kupalasa bwato ndi kuloza njira, koma cholembera sankachigwira.

David Livingstone ndi John Kirk anafika pa Chilwa mu Epulo 1859, ndipo pa mapu awo anailemba kuti Shirwa. Pambuyo pake, akatswiri a ku London ankakangana ngati mtsinje wa Lugenda umachokera m'nyanja imeneyi. Amene anathetsa mkanganowo ndi Henry O'Neill, kazembe wa Britain amene ankakhala pachilumba cha Mozambique. Mu 1883 ananyamuka kugombe la nyanja ya mchere wapansi, kudutsa dziko la Amakua ndi Alomwe, mpaka anafika pa chitunda cha mchenga chija. Anaona kuti Chilwa ilibe potulukira, ndi kuti kumpoto kwa chitundacho kuli nyanja zina ziwiri, Chiuta ndi Amaramba, zimene ndizo zimadyetsa Lugenda. Lipoti lake linasindikizidwa ndi bungwe la Royal Geographical Society mu 1884, ndipo chaka chotsatira bungwelo linamupatsa mendulo yagolide.

Munthuyu sindimupeputsa. Kupeza malo ako padziko poyeza nyenyezi ndi mwezi, usiku, udzudzu ukukuluma, ndi luso lalikulu, ndipo paja akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Komabe funso limene linamuyendetsa miyezi yonseyo akanaliyankha mayi aliyense wotunga madzi pa Nayuchi. Madzi a Chilwa ndi amchere chifukwa sapita kwina kulikonse, amangouma ndi dzuwa. Madzi a Chiuta amamweka chifukwa amayenda. Anthu ankadziwa zimenezi ndi lilime lawo. Chimene O'Neill anawonjezera ndi manambala amene munthu wa kutali angawerenge, ndipo manambalawo anapita kukagwira ntchito imene eni madziwo sanaipemphe.

Patangopita zaka zochepa, Britain ndi Portugal anayamba kulimbirana dziko lonse la pakati pa Angola ndi Mozambique. Apwitikizi anatulutsa mapu awo otchuka a Mapa Cor-de-Rosa mu 1886, osonyeza kuti lonselo ndi lawo. Angelezi anawaopseza ndi nkhondo pa 11 Januwale 1890, ndipo pa 11 Juni 1891 mbali ziwirizi zinasaina pangano ku Lisbon. Panganolo linati malire achoke m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, alowere kumwera chakum'mawa mpaka kugombe la kum'mawa la Chiuta, atsatire gombelo, kenaka awongoke kukafika kugombe la kum'mawa la Chilwa, mpaka kukalowa mumtsinje wa Ruo. Nthawi iliyonse ndikawerenga ndime imeneyi ndimafunsa kuti, gombe lake liti? La mwezi wa Malichi kapena la Okutobala? La chaka chimene Chilwa inasefukira, kapena la 1968, 1995 ndi 2018 pamene inaphwa anthu n'kumayenda pansi pake? Osainawo ankaganiza kuti gombe ndi chinthu chokhazikika, chifukwa pa mapu a O'Neill ndi anzake linali mzere umodzi wa inki. Anamanga malire a mayiko awiri pa chinthu chimene chimasuntha ndi mvula.

Anadzazindikira pambuyo pake. Anaimika zipilala za malire, ndipo pa 18 Novembala 1954 anasainanso pangano lina limene linachotsa malire pagombe la Nyanja ya Malawi n'kuwaika pakati pa madzi, komanso linaika mizere yowongoka pa Chiuta m'malo mwa gombe. Vuto la inki linatha, koma la anthu linatsala, pakuti mzere wowongoka pamadzi msodzi sauona. Ngakhale kumtunda, zipilala zambiri zinagwa kapena kumira m'tchire, ndipo pamene Malawi ndi Mozambique anayamba kutsimikizanso malire awo cha m'ma 2008, mabanja ena anauzidwa kuti munda umene akhala akulima kuyambira kwa agogo awo uli dziko lina.

Mapu achiwiri anali a msonkho. Dziko la kumpoto kwa Mozambique linaperekedwa kwa kampani ya Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929, ndipo phindu lake lalikulu linali msonkho wa nyumba ndi kugulitsa mphamvu za anthu. Boma la Apwitikizi litatenga ulamuliro, linapitiriza ndi chibalo ndi ulimi wa thonje wokakamiza. Pofuna zonsezi ankafunika kudziwa midzi, mafumu ndi kuchuluka kwa madenga. Ndi chifukwa chake Alomwe zikwizikwi anawoloka kulowa Nyasaland, kumene ankatchedwa Anguru, n'kukagwera m'thangata la m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba. Agogo anga aakazi ankasimba kuti mbiri ikamveka yoti owerenga nyumba ayandikira, amuna ankatenga mabwato n'kukagona m'mabango, ndipo ena ankagwetsa dala kanyumba ka mnyamata kuti madenga achepe. Nkhani imeneyi ndimaikumbukira chifukwa ntchito yanga lero imayambanso ndi kuwerenga madenga. Wina akandiyang'ana mokayika ndikaima pakhomo pake ndi foni m'manja, sindimuyesa mbuli. Ali ndi mbiri kumbuyo kwake imene imamuuza kuti kuwerengedwa kumatsogolera kulandidwa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera ndege. Mu 1946 Britain inakhazikitsa ofesi ya Directorate of Colonial Surveys, imene pambuyo pake inatchedwa Directorate of Overseas Surveys, ndipo kuchokera pa zithunzi za m'mwamba inajambula mapepala a sikelo ya 1:50,000 amene ambiri a ife tinaphunzirira jogalafe kusekondale. Ndi mapu okongola zedi, ndipo mpaka lero ndimawadalira pa mapiri ndi mitsinje. Koma pepala la kwathu linkandipweteka mtima ndili mwana. Mbali ya Malawi inali yodzaza ndi timadontho ta midzi, njira ndi sukulu, koma ukangodutsa mzere wa malire, pepala linkayera, kungotsala timizere towerengeka. Kwawo kwa mayi anga kunali pamalo poyerapo. Apwitikizi nawonso anali ndi mapepala awo, amene ankachita chimodzimodzi ndi mbali yathu. Kuwonjezera apo, mayiko awiriwa ankayeza kuchokera pa maziko osiyana: Malawi inkatsata muyezo wa Arc 1950, Mozambique wa Tete, pamene foni zathu lero zimatsata WGS 84. Ukasanjikiza mapepalawa osasintha muyezo, mlatho womwewo umapezeka malo awiri otalikirana. Pamtunda wouma zimenezi n'zazing'ono. Pa dambo lodzaza madzi, ndi kusiyana kwa galimoto yodutsa ndi galimoto yotitimira.

Njanji yolumikiza Nkaya ndi Cuamba, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Nova Freixo, inatsegulidwa mu 1970, ndipo kwa kanthawi Entre Lagos inaoneka ngati idzakula. Koma Mozambique italandira ufulu mu 1975, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba, ndipo pofika 1984 sitima zinasiya kuyenda. Anthu anathawa usiku, ena pa mabwato, ena kudutsa m'madambo madzi ali m'chiuno. Pofika 1992 Malawi inali ikusunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Pakhomo pathu panadzaza azakhali, asuweni ndi ana amene sindinkadziwa kuti ndi a ndani. Nkhondoyi inafafaniza mapu onse amene analipo. Kwathu mudzi si malo, ndi anthu ndi mfumu yawo. Timati kwa Uje, ndipo Ujeyo akasamuka ndi mbumba yake, dzina limasamuka nawo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, koma si onse anamanga pa mabwinja akale. Ena anasendera kufupi ndi msewu, ena kufupi ndi njanji, ena anagawikana n'kukhala midzi iwiri ya dzina limodzi. Pepala la mtsamunda linkasonyezabe mudzi pamene tsopano panali mitengo ya mango yokha ndi manda.

Amalume anga, mlongo wa mayi, anabwerera mu 1994. Mapu amene anawafikitsa kwawo amoyo anali a pakamwa: usadutse pa chitsime chakuti, pa mlatho wakuti yenda m'madzi osati pamwamba, kuseri kwa sitolo yakale kunaphulika mbuzi. Mabomba okwirira pansi ndiwo anabweretsa mapu oyamba othandiza anthu m'dera lino. Bungwe la HALO Trust linagwira ntchito yochotsa mabombawa m'zigawo zinayi za kumpoto, kuphatikizapo Niassa, ndipo njira yake inali yoyenda mudzi ndi mudzi kufunsa anthu pamene akuopa kuponda. Linamaliza kumpoto mu 2007, ndipo pa 17 Seputembala 2015 Mozambique inalengeza kuti yachotsa mabomba m'malo onse odziwika. Kwa ine apa ndi pamene mbiri inakhota. Kanali koyamba munthu kubwera ndi pepala, kukhala pansi ndi eni mudzi, kulemba zimene iwo akudziwa, ndipo phindu la zolembazo n'kubwerera kwa iwo omwe.

Asodzi nawo anali ndi mapu awo osalembedwa. Amadziwa pamene makumba amaswana, ngalande za m'mabango zimene bwato limadutsa, pamene mlamba umabisala madzi akatsika, pamene ungatchere matchera ndi pamene ungaike mono. Cha m'ma 1995 asodzi a mbali ya Malawi anakhazikitsa makomiti a m'madoko n'kuthamangitsa eni nkacha, ukonde wa maso ang'onoang'ono umene unkakokolola ndi tiana tomwe ta nsomba n'kuvundula madzi akumwa. Nkhaniyi anailemba bwino Dr. Friday Njaya wa ku nthambi ya za usodzi. Chimene chinatsatira n'chakuti ena mwa othamangitsidwawo anangowolokera tsidya la Mozambique, kumene lamulolo silinkagwira ntchito, n'kumakoka nsomba zomwezo m'madzi omwewo. Nyanja inali imodzi, mapepala awiri, ndipo nkacha unapeza pokhala pakati pa mapepalawo. Kolera, madzi osefukira ndi njala nazonso zimadutsa pampata womwewo.

Zida zimene ndimagwiritsa ntchito lero zinabadwira kutali, ndipo amene anazipanga za Chiuta sankazidziwa n'komwe. Gary Sherman anayamba kulemba pulogalamu ya Quantum GIS mu 2002, imene lero timangoti QGIS. Steve Coast anayambitsa OpenStreetMap ku Britain mu 2004, chifukwa ngakhale kumeneko mapu a boma anali ogulitsa ndi omangidwa ndi malamulo. Chivomezi cha ku Haiti cha pa 12 Januwale 2010 ndicho chinaonetsa mphamvu yake: anthu mazana, aliyense pa kompyuta yake, anajambula misewu ndi misasa ya Port-au-Prince m'masiku ochepa, ndipo opulumutsa anthu anaigwiritsa ntchito. Pamenepo panabadwa bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, ndipo mu 2014 linagwirizana ndi Red Cross ya ku Britain ndi ya ku America komanso Médecins Sans Frontières kuyambitsa Missing Maps, n'cholinga chojambula malo ngozi isanagwe. Ku Malawi, boma linatsegula nkhokwe ya mapu ya MASDAP, ndipo mu 2014 nthambi ya za ngozi ya DoDMA ndi nthambi ya Surveys, mothandizidwa ndi World Bank, zinayendetsa ntchito yojambula midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje pamodzi ndi ophunzira ndi anthu a m'midzimo. Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2015, madzi anasefukira, ndipo pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, Machinga ili m'gululo.

Amene sanagwirepo ntchito imeneyi sangamvetse chifukwa chake mawu akuti pulogalamu yaulere amatikhudza chonchi. Kale pulogalamu yojambulira mapu inali ya ndalama zimene ofesi ya boma laling'ono sikanakwanitsa. Inkabwera ndi pulojekiti, pulojekiti ikatha chilolezo n'kutha, kompyuta n'kukhala chete pakona. Mafayilo a midzi ndi misewu ankakhala m'kabati ya munthu mmodzi, ndipo kuti uwaone unkalemba kalata n'kudikira, madzi akukwera. QGIS ndimaiika pa laputopu iliyonse, ndimaikopera mnzanga wa ku Cuamba pa fulashi popanda kuba, ndipo iye amaitsegula m'Chipwitikizi ine m'Chingelezi. Kagwiridwe kake kali ngati kusanjikiza mapepala oonekera mkati: pansi chithunzi cha setilaiti, pamwamba pake mitsinje, kenaka misewu, midzi, mijigo, zipatala, ndipo pamwamba pa zonse madzi a sabata ino. Ukatero umatha kufunsa kuti, ndi midzi ingati imene yatsekeredwa kutali ndi chipatala? Koma chimene chinandigwira mtima koposa tsiku loyamba kutsegula OpenStreetMap n'chakuti pepala silithera pa malire. Njira yochoka kwa Chikweo imapitirira mpaka tsidya lija, monga momwe imachitira pansi.

Komabe ndinene mosapsatira kuti mapu ojambulidwa ndi anthu a mtima wabwino ali ku London kapena ku Lilongwe, akangosiyidwa choncho, ndi mapu a O'Neill obwera kachiwiri. Ntchito imagawidwa m'timabokosi pa Tasking Manager, aliyense amatenga kake n'kumajambula madenga amene akuona pa chithunzi. Denga la malata limawala, amaliona. Denga la udzu limafanana ndi nthaka youma, ndipo limene lili pansi pa mtengo wa mango silioneka n'komwe, ndiye kuti amene amasowa pa mapu ndi osauka, omwenso nyumba zawo za zidina zosawotcha ndizo zimayamba kugwa mvula ikalimbika. Zithunzi zooneka bwino zimajambulidwa m'chilimwe, mitambo kulibe. Wojambula amaona njira yoyera ikudutsa pakati pa dambo, amaiika ngati msewu, ndipo sakunama, mu Seputembala ndi msewu. Mu Febuluwale ndi ngalande ya mabwato. Woyendetsa lole ya chimanga akadalira mzere umenewo, amagona m'thope. Zimenezi zimakonzeka pokhapokha munthu atayenda ndi foni, n'kulemba pa KoboToolbox kapena pa pepala losindikiza kuti apa pamadutsika mwezi wakuti mpaka wakuti, mjigo uwu unafa, chipatala ichi chili ndi namwino koma mulibe firiji ya katemera, sukulu iyi ili pachitunda ndipo anthu amathawirapo.

Mayina ndiwo amatidyera nthawi kuposa china chilichonse. Mudzi umodzi umalembedwa mwa Chipwitikizi m'kaundula wa ku Insaca, mwa Chichewa m'buku la chipatala cha tsidya lino kumene anthu ake amakalandira mankhwala, ndipo eni ake amautchula mwa Chilomwe kapena Chiyao. Pa kompyuta imeneyo imakhala midzi itatu, ndipo ikhoza kulandira katatu kapena kusalandira n'komwe, aliyense poganiza kuti mnzake wafikako. Ndiponso Mozambique ili ndi Chiuta ziwiri: yathuyi, ndi boma la Chiúta m'chigawo cha Tete, limene likulu lake ndi Manje, makilomita mazanamazana kuchoka pano. Munthu wa ku Maputo kapena ku Geneva wolumikiza matebulo awiri potsata dzina lokha angathe kusamutsa odwala athu n'kuwaika ku Tete. Ndi chifukwa chake ofesi ya United Nations yogwirizanitsa thandizo, OCHA, imalimbikira kuti dera lililonse likhale ndi nambala yake, imene timaitcha P-code, ndipo mndandanda wake umapezeka kwa aliyense pa Humanitarian Data Exchange. Ndi ntchito yosasangalatsa, yokhala pansi kufananiza mizere ya matebulo mpaka maso kuwawa, koma m'menemo ndi mmene thumba la ufa limapezera khomo lake.

Pali anthu ena amene ngakhale nambala siiwapeza. Pa Chilwa asodzi amakhala miyezi m'zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa udzu wa m'madzi, kutali ndi gombe. Kolera itabuka pakati pawo kumapeto kwa 2015, ogwira ntchito za umoyo a ku Machinga, Zomba ndi Phalombe pamodzi ndi Médecins Sans Frontières anapeza kuti sangathe kuwapeza kawiri pamalo amodzi, ndipo mu 2016 ena anapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha kunyanjako. Amene ankadziwa kumene zimbowerazo zili ndi eni mabwato ndi eni tinyumba togulitsira tiyi ta pamadzi. Namondwe wa Freddy atalowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, n'kusiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa ku Malawi kokha, tinali ndi chida chimene makolo athu sanachilote: setilaiti ya Sentinel-1, imene imaona madzi ngakhale kuli mitambo, ndipo zithunzi zake n'zaulere. Koma madzi obisala pansi pa mabango ndi mpunga imawaphonya, ndipo gombe la Chiuta ndi mabango okhaokha. Chithunzi chinkati pouma, foni ya msuweni wanga inkati madzi ali m'mawondo. Pa QGIS ndinajambula mizere yonse iwiri, uliwonse ndi tsiku lake ndi gwero lake, n'kutumiza kwa ogawa thandizo ndi mawu akuti akhulupirire wachiwiriwo.

Nditapita kukaona amalume chaka chomwecho madzi ataphwa, ndinatenga pepala lalikulu losindikiza la dera lawo. Analiyala pamkeka, naliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kuloza ndi kamtengo.

"Apa mwalemba mudzi, anthu anachokapo nthawi ya nkhondo. Ali uku. Njira iyi ndi ya ng'ombe. Nanga chigayo chili kuti?"

Tinakonza zonsezo ndi pensulo. Titamaliza anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe mphwanga, zimenezi ukazipereka kwa yani?"

"Aliyense angathe kuziona, amalume. A INGD oona za ngozi kuno ku Mozambique, a chipatala, a Red Cross, ngakhale inuyo pa foni."

"Aliyense? Ngakhale wobwera ndi mfuti?"

Ndinawayankha kuti inde, ngakhale ameneyo. Munthu amene anaona midzi ikuwotchedwa chifukwa chonenedwa kuti ikudyetsa mbali ina sungamunamize pa nkhani yotere. Chitetezo chimene ndinatha kuwalonjeza ndi cha zimene sitilemba. Pa mapu a aliyense timaika njira, mlatho, mjigo, sukulu, chipatala ndi dzina la mudzi. Dzina la mwini nyumba, amene akudwala, amene walandira ndalama, amene anawoloka malire popanda chikalata, zimenezo siziyenera kufikako, ndipo bungwe limene likuzisunga lizitsekere ndi kuzifafaniza ntchito ikatha. Pa mfundo imeneyi ndimakangana ndi anzanga achinyamata amene amafuna kuika chilichonse chimene foni yatola. Amalume analola kuti chigayo ndi doko zilowe. Manda a makolo anati asalowe, ndipo sanalowe.

Chotsala ndi cholembera chija. Ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy mu 2020, ndipo m'mayunivesite muli magulu a YouthMappers, koma kuchoka kumeneko kufika ku Mecanhelas ndi ulendo wautali, ndipo amene amasintha mapu a Chiuta pa intaneti ambiri sanamwepo madzi ake. Zotchinga n'zodziwika: magetsi osadalirika, mtengo wa bandulo, netiweki imene m'midzi ya m'malire imadumphadumpha pakati pa nsanja za mayiko awiri, ndi maphunziro amene amachitikira m'mahotela a m'tauni m'zinenero zimene mlembi wa komiti ya padoko sayankhula. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimafuna ndalama zochuluka ngati za lole imodzi yotitimira ndi katundu wake. QGIS imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo OsmAnd imasunga mapu onse a dera m'foni. Ndikufuna kuona mphunzitsi wa jogalafe wa ku Entre Lagos ndi mnzake wa ku Nayuchi, alangizi a zaumoyo a mbali zonse ziwiri ndi alembi a makomiti a asodzi akukumana kawiri pachaka, mu Malichi madzi ali pamwamba ndi mu Okutobala atatsika, kuyenda gombe ndi foni ndi kulemba pamene lafika. DoDMA ndi INGD akhoza kugwirizana mndandanda umodzi wa midzi ya m'mbali mwa nyanja, wokhala ndi kalembedwe konse ka dzina lililonse, n'kuusindikiza pa mapepala akuluakulu oti apachikidwe pachipatala, pasukulu ndi kwa mfumu mvula isanayambe.